Otanthauzira mapepala a visa: mmene zinandiyendera

Amene mukukonza mapepala otsatira amuna kapena akazi anu ku UK tamvani izi. Ine setifiketi ya ukwati inali kale mchingelezi, vuto linali kalata ya ankhoswe ndi machati athu a pa WhatsApp omwe ndi Chichewa chokhachokha, ndiye a Home Office, ofesi ya boma la UK yoona za ma visa, safuna pepala lomwe silili mchingelezi kapena Welsh popanda kumasulira.

Poyamba ndinapita pa kasitolo kena ka fotokope ku Limbe, anangonditayipira basi osasaina, ndalama zanga zinangopita. Kenako mlamu wanga anandilozera kaofesi kena mtauni cha ku Victoria Avenue. Mayi omasulira a pa ofesiyo ndi odekha zedi, pepala lililonse analemba kuti kumasulirako nkolondola, deti, dzina lawo lonse, siginecha ndi nambala yawo ya foni, zomwe akuti ndi zimene amafuna kumeneko. Mawu oti chinkhoswe sanangolemba engagement ayi, anafotokoza pang'ono mwambo wake kuti mzungu amve, apa mtima wanga unakhala pansi.

Anandiuzanso kuti mayi musatumize machati a zaka zitatu onse, sankhani ochepa mwezi ndi mwezi, ndinapulumutsa ndalama chifukwa amatchaja pa tsamba.

Chondidandaulitsa nchoti analonjeza lachitatu koma ndinatenga lachisanu, akuti chifukwa cha magetsi, pomwe setifiketi yanga ya TB, yosonyeza a visa kuti ndilibe chifuwa chachikulu, imagwira miyezi 6 yokha ndiye ndimawerenga masiku. Pitani msanga, ndipo muonetsetse masipelo a maina akufanana ndi a mu pasipoti musanachoke pa kauntala.