Geji yoyezera compression ya psi 300: yothandiza Corolla yakale ikakana kulira itatsegulidwa injini

Geji iyi ndi yotchipa ija yobwera m'kabokosi kapulasitiki: wotchi yowerenga mpaka psi 300, payipi yofewa, ma adapter a M10, M12, M14 ndi M18, komanso timitu tiwiri ta labala tongokanikiza ndi dzanja. Ku garaja kwathu imagwira ntchito kwambiri pa ma Corolla akale a AE100, AE101 ndi AE110, a injini za 4A-FE ndi 5A-FE. Tikuipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Imathandiza kwenikweni galimoto ikangosinthidwa timing belt kapena gasiketi ya head, sitata n'kumazunguza bwinobwino koma injini osagwira. Apa ambiri amathamangira kugula coil, mapulagi kapena pampu ya petulo, ndalama n'kuthera pa zinthu zomwe sizinafe. Yambani mwayeza compression, yomwe ndi mphamvu imene pistoni imapanikizira mpweya mu silinda, chifukwa ndi yomwe imaulula ngati injini yamangidwa molondola.

Batire ikhale yodzaza, apo ayi manambala atsika n'kukunamizani. Zulani fyuzi ya EFI ndi soketi ya distributor, chotsani mapulagi onse anayi ndi soketi ya 16, mumange adapter ya M14 ndi dzanja lokha, popanda sipanala. Mnzanu aponde faya mpaka pansi, azunguze injini kufikira singano itasiya kukwera. Pa 4A-FE buku la Toyota limati psi 191, yotsikitsitsa psi 142, ndipo masilinda asasiyane kupitirira psi 14. Manambalawa ndi a injini yotentha. Yomwe ikukana kulira imakhala yozizira, choncho ikatsikako pang'ono musadabwe. Yang'anitsitsani kusiyana kwa masilindawo.

Masilinda onse anayi akatsika mofanana, mwina kufika pansi pa psi 100, kaikirani timing musanakaikire china chilichonse. Nthawi zambiri khutu limamva kale: injini imazungulira mopepuka ndiponso mothamanga. Ikani kamzere ka pa pulley ya crankshaft pa 0, kenako suzumirani pa kabowo ka pa pulley ya camshaft ngati kakulunjika chizindikiro cha pa bearing cap. Zikasemphana, lamba walowa pa mano olakwika. Mwayi wake injini zimenezi mapistoni sagunda mavalavu, ndiye mumangomasula tensioner, kukonza, kuzunguza crankshaft kawiri ndi dzanja n'kuonanso zizindikiro.

Koma pali msampha womwe umagwira ngakhale amakaniko odziwa ntchito. Lamba amayendetsa camshaft ya exhaust yokha; ya intake imayendetsedwa ndi giya mkati mwa head. Pa magiya awiriwa pali zizindikiro za mitundu iwiri, zolumikizira pomanga ndi zosonyeza TDC (pamene pistoni yafika pamwamba penipeni). Wina akalumikiza pa zolakwika, kunja zonse zimaoneka zili m'malo mwake, koma mavalavu a intake akutseguka nthawi yosayenera. Popanda geji mukhoza kutha tsiku lonse mukusakasaka m'mawaya. Ngati head inachotsedwa ndipo compression yatsika ponseponse, tsegulani chivundikiro cha pamwamba muone magiyawo. Muli pomwepo, tsimikizani kuti kabawuti ka 6 mm kogwirira sub-gear pomanga kanachotsedwa.

Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi sinakhale bwino pakati pawo kapena head ndi yopindika. Ikatsika imodzi, thiranimo oyilo kasipuni kamodzi, pafupifupi 5 ml, muyezenso. Nambala ikakwera ndi ma ring a pistoni. Ikapanda kusintha ndi valavu, kawirikawiri shim (kachitsulo kokonzera mpata wa valavu) yomwe yasinthanitsidwa ndi ya pa valavu ina. Dziwaninso kuti injini yomwe yakhala ikukakamizidwa kulira kwa nthawi yaitali imasefukira petulo, ndipo petuloyo amatsuka oyilo m'makoma a silinda. Mapulagi amatuluka onyowa, akununkha petulo, compression ili pansi. Oyilo pang'ono ndi mapulagi ouma zimabwezeretsa zinthu.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha kapangidwe. Mapulagi a injini izi ali m'maenje akuya, ndipo adapter ikangomangika kwambiri imatsalira pansi pomwe payipi yatuluka yokha. Kuitulutsa ndi ntchito yotopetsa. Mangani adapter ku payipi mwamphamvu, koma ku injini mopepuka. Ma O-ring ake ndi opyapyala, sachedwa kung'ambika, gulirani ena apadera. Kavalavu ka kumapeto kwa payipi kakalowa mwaye singano imatsika yokha, kamasuleni mukatsuke. Musaikepo ka tayala ngakhale kakufanana, sipuling'i yake ndi yolimba ndipo geji idzawerenga motsika. Timitu ta labala tija pa Corolla tilibe ntchito, sitifika pansi bwino.

Compression ikakhala bwino, geji yatha mbali yake ndipo vuto lili ku moto kapena ku petulo. Lumikizani ma terminal a TE1 ndi E1 m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS pafupi ndi injini, tembenuzani kiyi osaliza, muwerenge kuphethira kwa nyali ya check engine. Nambala 12 ikutanthauza kuti kompyuta sikulandira uthenga wochokera ku distributor, pomwe 14 ndi mbali ya igniter. Onani mawaya a mapulagi kuti akutsata 1-3-4-2, ndipo musaiwale mawaya a earth omangidwa pa intake manifold, chifukwa amaiwalika kawirikawiri pobwezeretsa head. Ikalira, ikani timing pa madigiri 10 BTDC (pistoni isanafike pa TDC), TE1 ndi E1 zikadali zolumikizidwa.

Eni ma Hiace ndi ma Hilux a dizilo asagule iyi. Dizilo imapitirira psi 400, imafuna geji yakeyake ndi ma adapter olowa pa ma glow plug.