Tebulo loimirira, wotchi yokumbutsa, kapena kungodzuka n'kuyenda

Anzanga amene timapemphera limodzi ku Mufakose mumzinda wa Harare akhala akundifunsa ngati tebulo lija ndinagula chaka chatha linandithandiza msana, choncho ndaganiza zowayankha onse pamodzi. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama mu ofesi ina pafupi ndi msewu wa Samora Machel, ndipo ndikaphatikiza maola 8 a pampando ndi nthawi ya m'kombi popita ndi pobwerera, dzuwa limalowa ndili chikhalire.

Ndinayamba ndi tebulo lamagetsi lokwera ndi kutsika, lija limalola munthu kulemba ataimirira. Wogulitsa ananditchulira madola 260 a ku America, koma tsiku lobweretsa anafunanso madola 40 a galimoto ndi olumikizira, ndalama zimene sanazitchule n'komwe pamene tinkagwirizana mtengo. Ndinalipira modandaula. Patangopita milungu itatu, magetsi anazima tebulolo lili pamwamba, ndipo popeza lilibe chopukusira chamanja, linakakamira pomwepo kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka poweruka. Malipiro a antchito ankafunika tsiku lomwelo, kotero ndinagwira ntchito yonseyo chiimire. Pofika madzulo akakolo anali atatupa, nsapato zikundithina moti ndinafika pokwerera makombi ndikutsimphina. Nditakadandaula kwa wogulitsa uja, anandiyankha kuti za magetsi si mlandu wawo, ndipo mpaka lero nkhaniyi imandiwawa mumtima. Ngakhale pa masiku amene linkagwira bwino ntchito, ndinaona kuti kuima malo amodzi kumangosamutsa ululu kuchoka m'chiuno kupita kumapazi.

Wotchi yapamkono yokumbutsa kudzuka ndi yabwinoko, koma patatha milungu iwiri mkono wanga unazolowera kunjenjemera kwake ndipo ndinaleka kuimvera.

Chimene chinandithandiza ndi chija sindinalipire kanthu. Mu 2023 akatswiri a ku Columbia University ku New York anapeza kuti kuyenda mphindi 5 pakatha mphindi 30 zilizonse kunatsitsa shuga wa m'magazi komanso kuthamanga kwa magazi mwa anthu amene anakhala pansi maola 8. Chifukwa chake n'chakuti minofu ya m'miyendo ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi, pamene ikangokhala siyitero. Nkhaniyi si yachilendo, pakuti mu 1953 Dr Jeremy Morris anaonetsa kuti oyendetsa mabasi a ku London ankadwala mtima kwambiri kusiyana ndi makondakitala amene ankakwera ndi kutsika masitepe a mabasi osanjikizanawo tsiku lonse.

Tsopano ndimatchera alamu pafoni n'kuiika pawindo, kutali ndi mpando, kuti ndizichita kudzuka pokaizimitsa. Botolo lalikulu la madzi ndinalisiya kunyumba, ndimagwiritsa ntchito kapu yaing'ono imene imandikakamiza kupita kumpopi kawirikawiri. Chikepe ndinasiya kukwera, ndipo masana ndimazungulira paki ya Africa Unity Square ndisanadye.

Vuto la njirayi ndi maso a anthu. Tsiku lina abwana anandiitana n'kundifunsa kuti, "Kodi Amayi, pampando panu pali minga?" Ndinawafotokozera mwaulemu, ndipo anavomera malinga ntchito isachedwe. Kumapeto kwa mwezi mphindi 30 sizitheka, ndimadzuka kamodzi pa ola. Kwa amene mwandifunsa, sungani madola anu. Tebulo lija tsopano lili m'munsi, chingwe chake ndinachizula, ndipo pamwamba pake ndimaikapo mafayilo.