Mmisiri wa mfuti amene anakana kundigulitsa zipolopolo za +P

Malemu bambo anga anandisiyira mfuti ya m'manja ya Smith & Wesson, revolver ya .38 Special. Nditamaliza zakupolisi kuti chiphaso chikhale m'dzina langa, ndinapeza kuti zipolopolo zimene ankasunga m'kabati zinali zitabiriwira ndi chinyezi cha kuno ku Mzuzu. Mnzanga amene timagulitsa naye matabwa ku Luwinga anandiuza kuti ndisataye ndalama pa zipolopolo wamba, ndigule za +P, zimene onga wake umaphulika mwamphamvu kuposa wa zipolopolo wamba, chifukwa akuti zimamenya kwambiri. Ndinapita kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka ndili ndi maganizo amenewo.

Ndi bambo wachikulire, msilikali wopuma pantchito, wosayankhulayankhula. Asanaigwire n'komwe mfutiyo anayamba wafunsa chiphaso. Kenako anatsegula silinda, chitsulo chozungulira cholowetsamo zipolopolo, n'kuonetsetsa kuti mulibe chipolopolo, n'kuunika ndi tochi pachitsulo chimene chimabisika silinda ikatsekedwa.

"Achimwene, pano palibe nambala ya model. Mfuti iyi ndi yakale kuposa inu. Za +P sindikupatsani."

Kunena zoona ndinakhumudwa, poti ndalama ndinali nazo m'thumba. Koma anandikhazika pansi n'kundifotokozera bwinobwino, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba izi. Kampani ya Smith & Wesson inayamba kudinda manambala a model cha m'ma 1957, ndipo eni akewo amaletsa kuika za +P m'ma revolver a kukula kwapakatikati, otchedwa K frame, opangidwa chaka cha 1958 chisanafike. Yanga ili m'gulu limenelo. Bungwe la SAAMI la ku America, limene limaika miyezo ya zipolopolo, limalola kuti chipolopolo wamba cha .38 Special chifike pa 17,000 psi (muyezo wa mphamvu ya kukankha kwa mpweya) onga ukaphulika, pamene cha +P chimafika pa 20,000 psi. Kwa amene ali ndi za 9mm, kusiyana kwake ndi 35,000 ndi 38,500.

Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti chipolopolo cha +P ndi chofanana kukula ndi chinzake. Chimalowa bwinobwino, silinda n'kutsekeka popanda chokukaikitsa. Umachizindikira ndi zilembo ziwiri zokha zodindidwa kumatako kwake. Ine ndinkaganiza kuti ngozi yake ndi mfuti kuphulika m'manja tsiku loyamba. Iwo anati kawirikawiri sizichitika choncho, chitsulo chimatopa pang'onopang'ono. Silinda imayamba kugwedera, bowo lake silimayang'anizananso bwino ndi mpope, mpaka tizidutswa ta mtovu timayamba kuthethekera m'mbali, komwe kungakhale dzanja lako kapena nkhope ya amene waima pafupi. Anandigwiritsa silinda yanga kuti ndiikankhe kutsogolo ndi kumbuyo. Inali itayamba kale kusewera pang'ono chifukwa cha ukalamba, ngakhale anati sinapyole malire.

Sikuti za +P amadana nazo ayi. Anati mfuti zatsopano zambiri zimazilandira, bola buku la mfutiyo linene choncho kapena padindidwe pampope, ngakhale zimakankha dzanja kwambiri, zimatha sipuling'i msanga, ndipo usiku moto wake umathobwa m'maso. Zimene anazikana kwamtuwagalu ndi zolembedwa +P+, chifukwa SAAMI ilibe muyezo wake, aliyense wopanga amathira onga mmene wafunira.

Zondidandaulitsa zilipo. Malo ogwirira ntchito ndi opanikiza, mpando wa mlendo ndi umodzi, ndipo foni yawo imatha tsiku lonse osayankhidwa. Zipolopolo wamba zimene anandiitanitsira zinatenga masabata atatu kuti zifike kuchokera ku Lilongwe, ine n'kumapita kukafunsa wapansi m'mvula yowaza ya mu June. Mtengo wotsuka ndi kupima mfuti unandiwawanso. Komabe za +P zinali pashelefu pomwepo, zokwera mtengo kuposa zimene ndinagula, ndipo akanatha kungolandira ndalama zanga osanena kanthu.

Zipolopolo zobiriwira zija anandiuza kuti ndisazitaye m'chimbudzi kapena pamoto, ndikazipereke kupolisi, ndipo ndinakazipereka. Mnzanga wa ku Luwinga uja ali ndi pisito ya 9mm imene wakhala akuikamo za +P asanaonepo buku lake. Ndagwirizana naye kuti Loweruka likudzali tipite nayo kwa bambo aja akaione.