Mbale ya "Jesus Is Love" yafika yokalika, koma sindiibweza

Ndinalipira R280 pamodzi ndi zotumizira chifukwa bambo wogulitsayo analemba kuti mbale ya nyimbo ya gulu la Commodores imeneyi ili ngati yatsopano. Bodza lokhalokha. Kwa masabata atatu foni sankayankha, ndiye phukusi lomwe linafika kuno ku Johannesburg linali lokulungidwa m'nyuzipepala ngati usipa wa pamsika, chikutiro chong'ambika pakona. Nditaika singano, inalumpha kawiri Lionel Richie asanamalize mzere woyamba. Nditamulembera, anayankha kuti singano yanga ndi yakutha. Singano yomwe ndinagula mwezi wathawu! Ngakhale kupepesa, osapepesa.

Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mbaleyi ndinagulira bambo anga, omwe abwera kudzationa kuchokera kumudzi. Ali mnyamata anali ndi gumbagumba, ndipo pa nyimbo zonse za Commodores iyi ndi yomwe amaitchulatchula. Anzawo ankavina "Brick House", iwo ankadikira iyiyi, ya mu chimbale cha Heroes cha 1980, chomwe kampani yojambula nyimbo ya Motown inatulutsa Richie asanachoke m'gululi.

Ndinali nditaiika kale m'phukusi kuti ndiibweze. Akazi anga ndi amene anati tiyambe taipukuta ndi kansalu konyowa. Fumbi lomwe linachoka, eee! Titaiikanso, inalumpha kamodzi kokha poyambirira, kenako inayenda bwinobwino. Imayamba mofatsa ngati pemphero la munthu ali yekha m'chipinda, mawu a Richie ali pansi, kenako kwaya imalowa ndi kuinyamula nyimbo yonse. Pamenepo bambo anavula chipewa, n'kuima chilili pakati pa balaza, maso ali gwa pa mbale ikuzungulira. Sanalankhule mpaka inatha. Atatero anangoti, "Ibwezere, mwana wanga." Tinaibwereza kanayi, nsima n'kuzizira patebulo. Kathetheka kamene ndinakwiya nako iwo akuti ndi mmene mbale imamvekera, ya pafoni ilibe moyo.

Ine ndinaidziwa mu 2009, Richie akuiimba pa mwambo wokumbukira Michael Jackson ku Los Angeles, koma pa mbale mabesi ake amamveka mokhuthala kuposa apo.

Ndapereka nyenyezi zitatu, zonse ndi za nyimboyi. Mbaleyo ndi yeniyeni ya Motown, pamenepo sananame. Koma bambo inu ogulitsa, R280 ya mbale yokalika ndi yosapukuta n'komwe ndi yambiri, ndipo yankho lanu la singano lija ndikalisungabe.