Miyezi 9 ndi wailesi ya ovaova ndi ripita yathu ya ku Bembeke

M'mwezi wa Meyi ndinagula kawailesi kam'manja ka mawati 5, kaja ambiri amati ovaova, chifukwa maulendo anga a panjinga yamoto opita kwa abale ku Golomoti ndi ku Mtakataka amadutsa m'malo amene foni imakhala chete. Tsopano nditakayendetsa m'nyengo yozizira, m'chilimwe ndiponso m'dzinja lino, ndikuona kuti ndingathe kunena zimene kamatha ndi zimene sikatha.

Tilipo anthu asanu ndipo tonse tili ndi ziphaso za MACRA, bungwe loyang'anira nkhani za mafoni ndi mawailesi, pakuti palibe amaloledwa kuulutsa mawu pa mafunde a wailesi amene timachezeranapo, otchedwa amateur radio, popanda chiphaso. Aliyense ali ndi chizindikiro chake chodziwikira pa wailesi, choyamba ndi 7Q, zilembo zimene dziko la Malawi linapatsidwa. Ripita ndi wailesi yoikidwa pamalo okwera, imene imalandira mawu ofooka n'kuwaponyanso nthawi yomweyo ndi mphamvu yochuluka. Maripita ambiri a pa 145 MHz amalandira ndi kutumiza pa mafunde awiri otalikirana ndi 600 kHz (MHz ndi kHz ndi miyezo ya mafunde a wailesi), koma zimenezo zimafuna zipangizo zodula, choncho ife tinatenga njira yotchipa: tonse timalankhulira pa 433 MHz ndi kumvera pa 145 MHz. Ripita yathuyo tinaiika pakhomo pa bambo wina wachikulire wa m'gulu lathu chakumtunda kwa Bembeke, eriyo tinaimangirira pa mlongoti wabulugamu, ndipo imayendera batire ndi sola.

Chachikulu chimene ndaphunzira n'chakuti mafunde amenewa amayenda ngati maso: kumene phiri latchinga, mawu safika. Poyamba ndinkaganiza kuti wailesi yamphamvu ikanathetsa zonse, koma Dedza yandiphunzitsa zina. Ndikapita cha ku Chongoni, kuja kuli zojambula zakale za m'mapanga zimene UNESCO inazilemba pa mndandanda wake mu 2006, phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, limaima pakati pa ine ndi ripita, ndipo m'malo ambiri ndimangomva phokoso. Chodabwitsa n'chakuti m'chigwa cha kunyanja, komwe ndi kutali kwambiri, mawu amamveka ngati munthu ali pakhonde. Malo ovuta zedi ndi m'munsi mwenimweni mwa chitunda, pamene munthu watsika koma sanatalikire mapiri.

Tsiku limene ndinaona phindu lake linali mu Disembala, pa msewu wa Khwekhwerere wochokera pa Masasa kutsikira ku Golomoti. Tcheni cha njinga chinaduka pakona ina dzuwa litapendeka, mvula ikuwaza, ndipo pafoni panalibe ngakhale kamzere kamodzi ka netiweki. Ndinaitana katatu ndili pamsewu, koma kunali zii. Ndinakwera kamtunda, nsapato zikuterera m'matope, mpaka ndinafika pa thanthwe lina, ndipo ndinaimika wailesi chilili pamwamba pa mutu, n'kudina batani ndi kulisiya. Mpamene ndinamva kaphokoso kaja ka ripita kosonyeza kuti yandilandira. Nditatchula chizindikiro changa ndinati, "Bambo, mukundimva kodi?" Iwo anayankha kuti, "Ndikukumvani, achimwene, ngakhale mawu akuduladula. Muli pati?" Anaimbira foni mlamu wanga wa ku Golomoti, amene anabwera ndi tcheni mdima usanagwe. Pakati pa msewu ndi thanthwe lija panali mapazi osakwana makumi asanu, ndipo mapazi amenewo ndi amene anachita ntchito imene mawati owonjezera sakanaichita.

Komatu ndiyenera kunena mosabisa kuti ndinathandizika chifukwa bambowo anali atatchera khutu. Ripita siisunga uthenga ngati foni. Mawu akadutsa popanda womvera, apita basi. Mu Ogasiti ndinaitana kwa theka la ola ndili cha ku Mua, ripita ikundilandira bwinobwino, koma anzanga onse anali kumaliro. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti tizitsegula mawailesi 6 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 6 koloko madzulo, ndipo wopita ulendo azinena njira yake asananyamuke. Pangano limeneli ndilo ndimalidalira kuposa chipangizo chilichonse chimene tinagula.

Pa kawailesi kangako ndilibe zambiri. Kaeriyo kakafupi kamene kanabwera nako ndinakachotsa m'mwezi wachiwiri n'kuika yaitaliko, ndipo kusintha kwake kunamveka tsiku lomwelo. Batire limandikwanira tsiku lathunthu ngati ndikumvetsera kwambiri kuposa kulankhula, ngakhale m'kuzizira kwa Juni ndi Julayi linkatha msanga, mwakuti ndinayamba kuika wailesi m'kati mwa jekete. Ripita nayo inazima masiku awiri mu Julayi pamene nkhungu inaphimba Bembeke ndipo sola inalephera kudzaza batire. M'dzinja lino bambo aja amazula chingwe cha eriyo mabingu akayamba, ndipo ndikugwirizana nawo, ngakhale zikutanthauza kuti ripita imakhala chete panthawi imene msewu wafika poipa.

Pali malire enanso amene wofuna kuyamba ayenera kuwadziwa. Mafunde amenewa si ochitira malonda, ndipo aliyense amene ali ndi wailesi amamva zonse, choncho za ndalama kapena za matenda a m'banja sindizitchula. Mayi a kunyumba alibe chiphaso, motero amangomvetsera pa wailesi yachiwiri imene ili pawindo, osayankha, ndipo zimenezi zimawawawa. Komanso pa msewu wa M1 cha ku Lizulu, pamene kutsidya kwa msewu ndi Mozambique, chiphaso changa sichigwira ntchito ndikangowoloka, kotero ndimazimitsa wailesi ndikapita kukagula mbatatesi mbali iyo.

Foni sindinaisiye, ndipo ndi imene ndimayamba kuyesa. Koma kawailesika sikachoka m'chikwama changa, ndipo mvula ikatha tagwirizana zokafufuza malo ena okwera cha ku Linthipe, kuti mbali ya Chongoni nayo iyambe kumveka.