Liposome yopanda chomata, ya antibody kapena ya peptide: iti ingapirire ku Chikwawa ndi Nsanje?

Anzathu a ku famase ndi ku labu, tisanyengeke ndi mawu oti mankhwala "olunjika pa khansa". Liposome ndi kampira kakang'ono ka mafuta konyamula mankhwala m'magazi, ndipo pamwamba pake amatha kumatapo antibody kapena peptide kuti kagwire selo la khansa. Peptide ndi kiyi wotsegulira chitseko cha selo, si bwato lokuwolotsa. Kanthu konyamula mankhwala kamafika pa chotupa potuluka m'mitsempha yake yobowokabowoka, ndipo kafukufuku wa mu 2016 wa Wilhelm ndi anzake anapeza kuti mwa zonse zobayidwa m'nyama zoyeserera, zofika pa chotupa zimangokhala cha m'ma 0.7 peresenti. Zambiri zimathera m'chiwindi ndi m'kapamba.

Yopanda chomata ndiyo yatsimikizika. Doxil, yomwe ndi doxorubicin wokutidwa m'timipira ta mafuta ta pafupifupi ma nanometre 100, inavomerezedwa ku America mu 1995 pochiza Kaposi sarcoma, khansa yomwe tikuidziwa bwino kuno. Mlingo wake pa Kaposi ndi 20 mg pa sikweya mita ya thupi milungu itatu iliyonse, wosakanizidwa mu dextrose ya 5 peresenti, osati m'madzi amchere. Imaonongako mtima pang'ono poyerekeza ndi doxorubicin wamba, koma imatupitsa ndi kusenda zikhatho ndi mapazi, ndipo kutentha ndi kukhuzika kumakulitsa vutoli. Ganizirani mayi wogwira khasu kudimba mu Okutobala, dzuwa litapyola madigiri 40.

Ya antibody imagwira selo mwamphamvu, koma antibody, puloteni ya chitetezo cha m'thupi, ndi wamkulu, cha m'ma 150 kDa (muyeso wa kulemera kwa molekyulu), ndi wodula, ndipo kutentha kumamuononga. MM-302, liposome yomatidwa kachidutswa ka antibody kolunjika pa HER2, puloteni ya pamwamba pa maselo ena a khansa, sinapambane mankhwala wamba pa khansa ya m'mawere, mayeso ake anaimitsidwa mu 2016.

Peptide ndi kachingwe kakafupi ka ma amino acid (tizidutswa topanga mapuloteni), ka 1 kapena 2 kDa, kopangidwa ndi makina motchipirapo. Peptide ya RGD imagwira puloteni yotchedwa integrin pa mitsempha ya chotupa. iRGD imaposa pamenepo: ikagwira integrin imadulidwa, kenako mbali yotsala imagwira puloteni ina, neuropilin-1, n'kutsegula njira yolowera mkati mwa chotupa. GE11, ya ma amino acid 12, imagwira EGFR, puloteni inanso ya pamwamba pa selo. Pomata, cysteine (amino acid ya pa peptide) amalumikizidwa ku maleimide, kogwirira ka kumapeto kwa DSPE-PEG (mafuta a pakhungu la liposome okhala ndi kachingwe ka PEG), pa pH ya 6.5 mpaka 7.5. Mukapyola apo, maleimide amaonongeka ndi madzi ndipo peptide yambiri imangoyandama osamatika. PEG yonyamula peptide ikhale yaitali kuposa inzake, mwachitsanzo ya 3.4 kDa pakati pa za 2 kDa, apo ayi peptide imakwiririka. Mukachulutsa peptide, chiwindi chimatola timipirato msanga. M'magazi, ma enzyme amadula peptide yowongoka m'kanthawi kochepa, n'chifukwa chake amaipinda kukhala mphete kapena kuikamo ma D-amino acid, omwe ma enzyme amavutika kuwadula. Mapuloteni a m'magazi nawo amaunjikana pamwamba n'kuphimba kiyiyo. Mpaka pano palibe liposome kapena kanthu kena kotere komatidwa peptide komwe kavomerezedwa kuchiza khansa mwa anthu.

Ife tikuima ndi yopanda chomata, ndipo nayonso imafuna firiji ya madigiri 2 mpaka 8, osaumitsa. Magetsi akathima ku Nsanje kapena madzi akadula msewu, botolo lodulalo limatayika. Tisaiwalenso mankhwala wamba: pa Kaposi yofalikira, kafukufuku wa A5263, yemwe Malawi anatengamo mbali, anasonyeza kuti paclitaxel wamba amaposa bleomycin ndi vincristine. Wodwala wa zipsera zakuda zofiirira ndi miyendo yotupa mtumizeni msanga ku chipatala cha Queen Elizabeth, ma ARV osasiya.