Hita ya mafuta m'chisanu cha Mzuzu: kumene imathandiza ndi zimene imadya pa mita

Aliyense amene anagonapo ku Mzuzu m'mwezi wa Juni kapena Julayi amadziwa kuti chisanu cha kuno n'chosiyana ndi cha kuchigwa, chifukwa mzindawu uli m'mapiri a Viphya, pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10. Chovuta kwambiri ndi chinyezi chimene nkhungu ndi mawawa zimasiya m'makoma, pasimenti ndi m'zofunda, moti munthu amalowa m'bulangete lozizira ngati lachapidwa madzulo omwewo. Chaka chatha tinali ndi khanda m'nyumba, ndipo ndinaona kuti sitingadutse nyengoyi ndi majuzi okha, choncho ndinagula hita ya magetsi ya mtundu umene ogulitsa amautcha hita ya mafuta. Ndaigwiritsa ntchito nyengo yonse yozizira, ndipo tsopano ndikhoza kunena za ubwino wake ndi ndalama zimene imafuna.

Hitayi ndi yachitsulo, ili ndi timatayala toikankhira, ndipo mkati mwake muli mafuta otsekeredwa amene sapsa komanso sawonjezeredwa. Ndikutsindika zimenezi chifukwa anzanga angapo ankaganiza kuti imathiridwa palafini. Magetsi amatenthetsa mafutawo, mafutawo amatenthetsa chitsulo, ndipo chitsulocho chimafunditsa mpweya wa m'chipinda pang'onopang'ono. Yanga ili ndi mabatani osankhira mphamvu ya mawati 600, 900 kapena 1,500, komanso kachipangizo kotchedwa thermostat, kamene kamazimitsa hitayo chipinda chikafunda n'kuiyatsanso chikayamba kuzizira.

Chimene ndaikondera kwambiri n'chakuti ilibe lawi kapena waya wofiira, sichita phokoso, ndipo situlutsa utsi kapena fungo. M'chipinda chimene muli neti ya udzudzu, matewera ndi zovala za mwana, zimenezi zimapatsa kholo mtendere wamumtima. Magetsi akazima, chitsulo chake chimakhalabe chofunda kwa kanthawi ndithu. Vuto lake ndi kuchedwa, chifukwa munthu wochokera panja ali njenjenje sangaiwothe ngati moto, ndipo pamadutsa pafupifupi theka la ola kuti chipinda chisinthe. Ife tinazolowera kuiyatsa tisanayambe kudya chakudya chamadzulo, kuti pofika nthawi yomugoneka mwana, chipinda chikhale chitafunda.

Nkhani yaikulu ili pa mayunitsi, ndipo apa ndi pamene ogula ambiri amapusitsidwa ndi mtengo wolembedwa pashelefu. Yuniti imodzi imene timagula ku ESCOM ndi mphamvu ya mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Choncho hita ya mawati 1,500 ikayaka osapuma imadya yuniti imodzi ndi theka pa ola, ndipo maola anayi madzulo aliwonse ndi mayunitsi 6, amene pa masiku 30 amakwana 180. Banja limene limaphika pamakala n'kumagwiritsa ntchito magetsi powunikira, pa wailesi yakanema ndi pa filiji yokha likhoza kupeza kuti hitayo payokha yadya kuposa nyumba yonse. Popeza mtengo wa magetsi, umene bungwe la MERA limavomereza, umasinthasintha, njira yodalirika ndi kutenga lisiti lomaliza, kuona mtengo wa yuniti imodzi, n'kuchulukitsa ndi 180 musanapereke ndalama kusitolo. Dziwaninso kuti hita iliyonse yolumikiza pasoketi ya mtundu uwu, kaya ya mafuta, ya fani kapena ya mawaya ofiira, imapereka kutentha kofanana pa yuniti iliyonse. Wogulitsa akanena kuti ya mafuta imasunga magetsi, chimene chimasungadi ndi thermostat ija, ndipo imasunga pokhapokha ngati chipinda chikutha kugwira kutenthako.

Ndinaphunzira zimenezi pabalaza. Balaza lathu n'lalikulu, lilibe siling'i, ndipo malata amaoneka poyang'ana kumwamba, monga zilili m'nyumba zambiri za lendi ku Chibavi, ku Chiputula ndi ku Zolozolo. Mpweya wofunda umakwera, ndipo ukafika pamalata ozizira kutentha kumathawira kunja, moti hitayo inayaka madzulo onse osazima ngakhale kamodzi, ife tikumvabe kuzizira kumapazi. Titaisamutsira m'chipinda chogona, chimene n'chaching'ono ndipo chili ndi siling'i, tinatseka mpata wa pansi pa chitseko ndi chiguduli, tinapachika makatani ochindikala, tinayalanso mphasa ndi kakapeti pasimenti. Mmenemo batani la mawati 900 linakwanira, kathermostat kaja kanayamba kumveka kakuzima ndi kuyaka, ndipo nambala ya pa mita inayamba kutsika pang'onopang'ono. Amene nyumba yake ndi yake ndipo alibe siling'i angachite bwino kuika ndalama zake pa matabwa ndi mabolodi a chipinda chimodzi asanaganize za hita, makamaka kuno kumene matabwa a paini a ku Chikangawa ali pafupi.

Mnansi wanga ali ndi hita ya mawaya ofiira, ya mawati 400 pa ndodo iliyonse, ndipo ndinaibwerekapo kuti ndiyerekeze. Ndi yotsika mtengo kwambiri pogula, imatenthetsa nthawi yomweyo, ndipo pabalaza lopanda siling'i imaposa yanga chifukwa imawomba munthu amene wakhala patsogolo pake. Sindingailole kugona ili chiyakire pafupi ndi neti kapena nsalu, ndipo m'nyumba ya ana oyenda chokwawa ndi yoopsa. Mitundu yonse iwiri iyenera kulumikizidwa pasoketi ya pakhoma, chifukwa maekisitenshoni otchipa a mawaya owonda amatentha mpaka kusungunuka.

Mbaula ya makala sindingainyoze, chifukwa ndi imene yalera mabanja ambiri m'chisanu chino, ndipo siyembekezera kuti magetsi ayake. Kilogalamu imodzi ya makala abwino ili ndi kutentha kofanana ndi mayunitsi pafupifupi 8, ndipo moto womwewo umaphika nyemba, kufunditsa madzi osamba ndi kuwothedwa. Koma makala akamanyeka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenako kugonetsa munthu tulo tosadzuka. Nyengo yozizira timamva za anthu amene apezeka atamwalira m'chipinda chifukwa analowetsa mbaula n'kutseka mawindo, ndipo zimandipweteka chifukwa ambiri mwa iwo ankangofuna kuti ana asazizidwe. Makala ooneka ngati azima pansi pa phulusa amakhala akutulutsabe mpweyawo. Pakhomo pathu timawotha mbaula pakhonde kapena pabalaza zenera lili lotsegula, ndipo nthawi yogona isanakwane imatulutsidwa panja. Palinso nkhani ya nkhalango, poti aliyense amene amayang'ana phiri la Kaning'ina amaona mmene mitengo ikuchepera, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera madzi a damu la Lunyangwa amene timamwa. Lamulo la zankhalango limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo makala ovomerezeka alipo, monga a Kawandama Hills Plantation a ku Viphya komweko, opangidwa kuchokera ku mitengo yodzala.

Za gasi ndinena mwachidule. Hita ya gasi imatenthetsa mwamphamvu ndipo imagwira ntchito magetsi atazima, koma ikatsegulidwa mokwanira imadya pafupifupi magalamu 300 pa ola, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 9 ikhoza kutha m'maola 30 okha. Gasi akamayaka amatulutsanso nthunzi imene imawonjezera chinyezi, ndipo naye amafuna zenera lotsegula, choncho si woyenera kuchipinda chogona.

Chimene chatithandiza kwambiri poyerekeza ndi mtengo wake ndi botolo la labala lothiramo madzi otentha. Kuwiritsa malita awiri a madzi m'ketulo kumadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a yuniti, ndipo botololo likakulungidwa m'chitenje n'kuikidwa kumiyendo, bedi limafunda mpaka pakati pa usiku. Madzi ake asakhale obwadamuka, ndipo lisakhudze khungu la khanda. Bulangete la magetsi nalo silifika yuniti imodzi usiku wonse, ngakhale kuti si la mwana wakhanda. Kwa akuluakulu athanzi, botolo, masokosi ndi bulangete lochindikala la ku msika wa Taifa n'zokwanira.

Hita ya mafuta ndikuivomereza kwa banja limene lili ndi khanda, gogo wokalamba kapena wodwala chifuwa, bola likhale ndi chipinda chaching'ono cha siling'i ndiponso lithe kupatula ndalama za mayunitsi a miyezi iwiri kapena itatu. Kwa amene akufuna kufunditsa balaza la malata, ndalamazo zingapite pachabe. Ineyo chaka chino ndayamba kusunga za mayunitsi kuyambira mu Epulo, hitayo ikhala m'chipinda cha mwana pa mawati 900, ndipo ndagula botolo lachiwiri la agogo ake amene abwera kudzakhala nafe mu Juni.